Mwamuna Woopa Mvula

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho idagwa Lachinayi nthawi yoweruka, anthu atadzaza pasiteji ya minibasi kumunsi kwa Capital Hill. Aliyense adachita zimene munthu wanzeru zake amachita, kuphimba mutu. Amayi adavindikira tsitsi la ku saluni ndi majumbo, abambo adasenza manyuzipepala.

Koma mwamuna wina wamtali, wovala shati yomanga mabatani mpaka pakhosi, adachita zachilendo. Mutu adausiya pamtetete, madzi akuyenderera mpaka m'makutu, koma chikwama chake adachikumbatira pachifuwa cha kumanja ngati mayi wobisa khanda.

Jenifa adayesa kudzigwira, koma adalephera. Phwete lidatuluka lokha.

"Pepani achimwene, mutu wanu uli pachifuwa? Anzanu onse aphimba kumwambaku!"

"Sekani asisi, ndi ufulu wanu," adayankha mwamunayo. "Koma ngati muli ndi chisoni, ndibwerekeniko mbali imodzi ya ambulera yanuyo. Osati kumutu ayi. Apa."

Jenifa atamuyang'ana m'maso, kuseka kudathera pomwepo. Munthuyo ankachita mantha enieni.

Atakwera minibasi yopita ku Old Town, mwamunayo adamasula batani limodzi. Pansi pa fupa la phewa padali pulasitala woyera, wamkulu ngati chikhatho.

"Impso zanga zinasiya kugwira ntchito," adatero motsitsa mawu. "Pansi pa pulasitalayu pali katheta, kapaipi kolowa mu mtsempha waukulu wopita kumtima. Lachiwiri ndi Lachisanu amandilumikiza ku makina osefa magazi kudzera pamenepa. Pakanyowa, tizilombo timalowa, ndipo njira yake ndi yolunjika kumtima. Mwaona tsopano chimene bambo wamkulu ngati ine ndikuopera mvula?"

Jenifa adachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana.

"Fotini alipo?" adakuwa kondakitala. Pamenepo, pa Area 14, m'pamene Jenifa ankatsikira tsiku lililonse. Adasuzumira panja, mvula idali isadakate. Sadatsike, minibasi n'kupitirira.

Adamuperekeza mwamunayo mpaka pageti la nyumba ina yakale ku Area 3, kumene ankachita lendi chipinda chimodzi. Ambulera yonse idali pachifuwa cha mlendo, mwini wake atanyowa mpaka m'nsapato.

"Ine ndine Felton Chikaonda. Nanga mngelo amene wandipulumutsayu dzina lake ndani?"

"Jenifa Phiri."

"Phiri?" Felton adakhala kaye chete, kenaka adamwetulira. "Ndiye kuti ndinu a Naphiri!"

"Ayi. Kwathu ku Rumphi timati Nyaphiri."

"Lilime langa ndi la ku Dedza, asisi. 'Nya' ameneyo andipunthwitsa. Ndiloleni ndizingoti Naphiri."

Jenifa adaseka n'kulola. Chilembo chimodzi chokha, n'chinthu chokanganirana pamvula?

Chidali chaka chimene maofesi a boma otsalira ku Blantyre ndi ku Zomba ankasamukira ku likulu. Malole ankabwera ndi makatoni a mafayilo, ndipo anthu ankatsatira makatoniwo, afune asafune. Jenifa adachoka ku Zomba, kumene adasiya anzake a kwaya ndi mayi wogulitsa nthochi amene ankamudziwa dzina. Ku Lilongwe ntchito yake idali yomasula makatoni ndi kusanja mafayilo m'mashelefu.

Ankakhala m'kanyumba ka kuseri ku Area 14. Ha, Area 14! Mipanda italiitali, mageti otseka, agalu odya bwino kuposa anthu. Loweruka lonse linkatha osamva munthu akumutchula dzina. Lamulungu akabwera kutchalitchi ankachapa zovala zoyera kale, pofuna kuti manja apeze chochita. Jenifa adali wosungulumwa, ndipo kusungulumwako kunkamupweteka ngati dzino.

N'chifukwa chake kafoni kake katalira m'mawa mwake, mtima wake udadumpha.

"Naphiri, mwadzuka bwanji? Dzulo munapulumutsa moyo wa munthu."

Sabata isadathe, "inu" adasanduka "iwe".

"Naphiri wanga, wadzuka bwanji? Popanda iwe ndikanakhala ndani? Ndiwe ambulera yanga."

Jenifa ankawerenga uthengawo pobisala kuseri kwa shelefu, n'kuwerenganso pa nkhomaliro, n'kuwerenganso mu minibasi. Mnyamata wina aliyense akanamutcha duwa kapena uchi. Koma ambulera? Dzina limenelo lidali lake yekha, lobadwira pasiteji paja.

Tsiku lina akudya chipisi pa City Centre, Felton akungotola pang'onopang'ono chifukwa zamchere adamuletsa, adamugwira dzanja.

"Kuchipatala akundivutitsa. Akuti wodwala aliyense azikhala ndi gadiyani, munthu womusamalira, woti amuphunzitse za kathetayu. Ine ndinapempha kukhala m'gulu loyamba kusamuka kuchoka ku Blantyre chifukwa cha makina amenewa. M'Lilongwe muno ndilibe wina, Naphiri. Ndilibe wina koma iwe."

Misozi idalenga m'maso mwa Jenifa. Kodi pali mawu okoma kwa munthu wosungulumwa kuposa kumva kuti akufunika?

"Ndipita nanu," adayankha.

Lachisanu lotsatira adalowa limodzi m'chipinda cha makina. Munkanunkha mankhwala, ndipo makina ankalira pang'onopang'ono pambali pa mabedi. Namwino wamkulu wa chipindacho adali Sisita Zikhale, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pachingwe, amene mawu ake ankamveka asadafike mwini wake.

"Sisita, awa ndi a Naphiri," adatero Felton.

Sisita Zikhale adatsegula fayilo, adayang'ana pepala, adayang'ananso Jenifa.

"Eya! Mwafika tsopano a Naphiri? Miyezi itatu bamboyu akubwera yekha ngati mwana wamasiye! Dzina lanu tikungoliona papepala."

Jenifa adasuzumira Felton mwachikondi. Kani munthuyu adalemba kale dzina lake mu fayilo asadamupemphe n'komwe? Za miyezi itatuzo adangoti ndi nthabwala za anamwino.

"Sambani m'manja," adalamula Sisita.

Jenifa adasamba.

"Kumeneko n'kusamba kapena kupereka moni kwa madzi? Pakati pa zala! Pansi pa zikhadabo! Bwerezani."

Adasamba katatu. Kenaka Sisita adavala magolovesi, adaphimba pakamwa pake ndi pa Felton, n'kumatula pulasitala uja. Jenifa adaona kapaipi koyera kakutuluka pakhungu, kumapeto kwake kogawikana pawiri, kwina kotsekedwa ndi chitsekero chofiira, kwina chabuluu.

"Kamene mukukaonaka ndi moyo wa bamboyu. Zitsekero ziwirizi timatsegula ndi ife basi. Mukatsegula inu, mwina magazi atuluka ngati pampopi, mwina mpweya ulowa mu mtsempha. Zonsezo ndi maliro. Lumo ndi sizasi zisayandikire pano. Mukulemba?"

Jenifa adatulutsa kope la mwana wa sukulu limene adagula pamsika wa Old Town, n'kuyamba kulemba.

"Kusamba kodzikhuthulira madzi kunatha. Muziwapukuta ndi kansalu, chifuwachi mutachiphimba ndi pulasitiki. Pulasitala akanyowa kapena akamatuka, musakhale dokotala inu. Phimbani pamwamba ndi nsalu yoyera yosita, n'kubwera nawo kuno tsiku lomwelo. Kapaipi kakasololoka, musakabwezere m'kati. Kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera, n'kuthamanga. Tsopano ndikufunseni. Mwadzuka m'mawa, mwawapeza akunjenjemera, thupi lili moto. N'chiyani chimenecho?"

"Malungo," adayankha Jenifa mwamsanga.

"Mwawapha!" Sisita adamenya tebulo, odwala onse n'kucheuka. "Mwathamangira kugolosale, mwagula mankhwala a malungo, mwadikira masiku awiri, mwawapha! Kwa munthu wa katheta, kuzizidwa si malungo mpaka ife titanena kuti ndi malungo. Muyang'ane pakhungupa. Pafiira? Patupa? Pali mafinya? Ngakhale pasaoneke kanthu, thupi likangotentha, kuno! Lembani ndi zilembo zikuluzikulu."

Jenifa adalemba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kudula mzere kunsi kwake.

Pamene makina ankasefa magazi, Sisita adamukokera pambali, mawu atafewa.

"Musandione ukali, mwana wanga. Ndaika anthu ambiri m'manda chifukwa cha kadontho ka madzi. Amuna anuwa muwasamale."

Amuna anu! Jenifa sadamukonze. Mawuwo adawatenga n'kupita nawo ku Area 14 ngati mphatso.

Dzinja limenelo Jenifa ankangokhalira kuyang'ana kumwamba. Mtambo ukangoda, ankasiya mafayilo n'kuthamangira ku ofesi ya Felton ndi ambulera. Ankasita tinsalu toyera n'kutisunga m'jumbo yatsopano. Ankayeza madzi akumwa a Felton ndi kapu imodzi yomweyo, chifukwa impso zofooka sizifuna madzi ambiri. M'mawa uliwonse asadapite kuntchito ankadzera ku Area 3, kusamba m'manja, n'kuyang'ana m'mbali mwa pulasitala ngati pafiira.

"Manja akowa ndi mankhwala, Naphiri wanga," ankatero Felton. "Nyumba ya boma ikangotuluka, sitidzasiyananso. Ndidzapita ndekha ku Rumphi kukagwada kwa makolo ako."

"Mudzakwanitsa kunena Nyaphiri pamaso pa adada?"

"Ndidzayeserera chaka chonse!"

Ankaseka awiriwo mpaka mwini nyumba kutsokomola pakhonde.

Chimodzi chokha n'chimene chinkamusowetsa mtendere Jenifa. Kamodzi pamwezi, Lachisanu akangochoka pamakina, Felton ankakwera basi ya ku Blantyre. Ankati ku ofesi yakale kudatsala mafayilo ofunika kuwasanja. Jenifa adapempha kuti azimuperekeza.

"Ulendo wa ntchito, wokondedwa. Abwana angatiyang'ane bwanji?"

Masiku amenewo Area 14 inkabwerera mwakale. Jenifa ankakhala pakhomo la kanyumba kake, kafoni m'manja, kumvetsera agalu a eni ake. Uthenga ukabwera, dziko linkayambanso kuyenda.

"Naphiri wanga, ngakhale tili kutali, mtima wanga uli pomwe uli iwepo."

Mu February Felton adapitanso. Adabwera Lolemba, koma adatumiza uthenga woti watopa, adzaonane mawa. Lachiwiri m'mawa, tsiku la makina, Jenifa adagogoda ku Area 3 koma sadayankhidwe. Adakankha chitseko.

Felton adali m'mabulangete awiri, mano akugundana.

"Lero sindipita kuchipatala," adatero movutika. "Ndi malungo chabe. Udzudzu wa ku Blantyre. Thamanga pagolosale, undigulire mankhwala."

Jenifa adagwira pachipumi pake. Moto! Adasamba m'manja mofulumira, n'kumasula mabatani a shati. Pulasitala wa kuchipatala padalibe. Padali thonje lomatidwa ndi tipulasitala ting'onoting'ono ta pagolosale, ndipo khungu lozungulira lidali lofiira, lotupa, likutuluka timadzi tachikasu.

"Wamata apa ndani?"

"Ndekha. Mvula inandipeza padepoti."

"Bwanji simunandiuze? Felton, bwanji simunapite kuchipatala?"

"Naphiri, chonde, mankhwala a malungo..."

"Ayi!" Jenifa adakuwa, misozi ikutsika. "Kuzizidwa si malungo mpaka Sisita atanena! Dzukani!"

Adaphimba pachifuwa ndi nsalu yosita, adathamangira kumsewu, adaimitsa takisi. Pofika kuchipatala Felton adali atayamba kubwebweta.

Sisita Zikhale atangoona bala lija, adaitana dokotala. Adatenga magazi okayeza, adamuika diripu ya mankhwala opha tizilombo, anthu akuthamanga uku ndi uku. Jenifa adaima pakhomo, kope lake atalifumbata.

Dzuwa litapendeka, Sisita adatuluka.

"Tizilombo talowa m'magazi. Mukanachedwa tsiku limodzi, tikanakamba zina. Mwachita bwino, a Naphiri, simunaiwale phunziro. Tsopano pitani mukapume, mawa mubwere ndi zovala zawo."

Jenifa atachoka, dokotala adagamula kuti katheta uja achotsedwe mawa lake, adzaike wina mbali ya kumanzere. Poti Felton sankazindikira bwino, pankafunika kuti mkazi wake asaine. Sisita Zikhale adatsegula fayilo, adapeza nambala imene idalembedwa pafupi ndi dzina la Naphiri, n'kuimba. Adadabwa pang'ono kumva mayi wa mbali inayo akulira ngati akumva nkhaniyi koyamba, koma ntchito idali yambiri, sadaganizirepo.

Lachitatu Jenifa adayamba wapita ku Capital Hill kukapempha tchuthi, ndipo abwana adamudikiritsa mpaka masana. Atafika kuchipatala adauzidwa kuti adikire pabenchi. Pomwepo padali mayi wina wooneka wotopa, nsapato zili matope, khanda kumsana, chikwama cha paulendo pamiyendo.

"Sunthirani kuno asisi, malo alipo," adatero mayiyo.

"Zikomo. Mwachokera kutali?"

"Ku Blantyre. Ndakwera basi yoyamba. Bambo a mwanayu agonekedwa muno, anandiimbira dzulo. Lilongwe sindimudziwa n'komwe, ndasochera kawiri."

"Pepani. Achira, musadandaule. Anamwino a muno ndi aukali koma amadziwa ntchito."

Khanda lidayamba kulira. Jenifa adathandiza kulimasula, n'kulinyamula kuti mayi wake akonze chitenje. Kadali kamwana ka miyezi iwiri, kamphuno kosongoka, kokongola.

"Ine ndine Janeth, ndimaphunzitsa ku pulayimale," adapitiriza mayiyo. "Banja la patali ndi lowawa, asisi. Iwo kuno, ine uko. Pamene ankasamuka n'kuti ndili ndi pakati. Timangodikira nyumba ya boma. Akuti ikangotuluka, sitidzasiyananso."

Jenifa adamwetulira mwachisoni. Kodi m'Lilongwe muno alipo amene sakudikira nyumba ya boma?

Chitseko chidatseguka. Namwino wina adasuzumira, pepala m'manja.

"A Naphiri! Gadiyani wa a Chikaonda!"

Adaimirira awiri.

Adayang'anizana. Jenifa adakali ndi khanda m'manja.

"Pepani asisi, aitana ine," adatero Janeth mwaulemu.

"Ayi, ati Naphiri wa a Chikaonda."

"Eya. A Felton Chikaonda. Ndine mkazi wawo."

Jenifa adayang'ana khanda lija. Mphuno ija! Adaliona bwanji nthawi yonseyi osazindikira mphuno imene ankaiona m'mawa uliwonse?

Sisita Zikhale adawalowetsa onse awiri m'kachipinda kake n'kutseka chitseko. Adavula magalasi.

"Mu fayilo muno analemba tsiku loyamba kuti, 'Naphiri, mkazi wanga,' ndi nambala iyi. Atabwera nanu inu n'kunena kuti awa ndi a Naphiri, ine ndikanadziwa bwanji? Ambuye ndikhululukireni, ndinaphunzitsa mmodzi, n'kuimbira wina!"

Janeth adatenga mwana wake m'manja mwa Jenifa, osati mwaukali, koma mwamsanga.

"Inu ndinu ndani kwa amuna anga?"

"Anandiuza kuti alibe wina," adayankha Jenifa. "Anati m'Lilongwe muno alibe wina."

"M'Lilongwe muno," adabwereza Sisita, akupukusa mutu. "Mwaliona bodza lovala tayi?"

"Sizoona!" Janeth adatulutsa foni. "Tsiku lililonse amanditumizira uthenga. Taonani! Munthu wa chibwenzi angalembe zotere kwa mkazi wake?"

Jenifa adawerenga. "Naphiri wanga, wadzuka bwanji? Popanda iwe ndikanakhala ndani? Ndiwe ambulera yanga."

"Za ambulerazo sindinkazimvetsa," adatero Janeth, "koma ndinkangoti ndi chikondi."

Jenifa adatulutsa kafoni kake, n'kukaika pambali pa inzake. Mawu omwewo. Tsiku lomwelo. Mphindi yomweyo. Adatsitsa uthenga wina, wina, winanso. Felton ankalemba kamodzi n'kutumiza kawiri.

Tsopano adamvetsa chifukwa chimene Felton adakhalira chete pageti paja, n'kumwetulira. Adamvetsa chifukwa chimene lilime la ku Dedza linkapunthwira pa "nya". Lilimelo lidalibe vuto. Mwamunayo adangopeza dzina limene sakanalakwitsa, ngakhale kutulo, ngakhale pobwebweta. Zidamuwawa Jenifa kuposa bodza lina lililonse, chifukwa ngakhale dzina lachikondi limene ankagona nalo pamtima lidali lobwereka.

Janeth adasaina pepala, misozi ikudonthera pa inki. Kenaka Sisita adawatengera kubedi la Felton. Mankhwala adali atayamba kugwira, ndipo adatsegula maso pang'ono.

"Naphiri..." adanong'ona.

Amayi awiriwo adadikira kuti aone amene akuitanidwa. Felton adayang'ana kumanja, adayang'ana kumanzere, n'kutsekanso maso. Ngati kudali kufooka kapena manyazi, akudziwa ndi mwini wake.

Jenifa adatuluka. Adafuna kuthamanga osacheukanso, koma pakhonde adamva kulira kumbuyo kwake. Janeth adali atakhala pansi, atatsamira khoma.

"Ndine ndawapweteka," ankatero. "Loweruka ananyamula mwanayu, ndiye anawabwezera mkaka pachifuwa. Pulasitala yense ananyowa. Iwo anati tisiye, koma ine ndinati ayi, pangawole. Ndinamatula, ndinatsuka bwinobwino ndi madzi ofunda ndi sopo, n'kumata thonje. Ndinkayesa ndikuthandiza! Palibe anandiuzapo, asisi. Palibe!"

Jenifa adaima. Kani mvula ya padepoti idali imeneyi? Mkwiyo udamuuza kuti apite, azionere okha. Koma m'makutu mwake munkamveka tebulo la Sisita Zikhale likumenyedwa. Akachoka ndi zimene ankadziwa, katheta watsopanoyo adzanyowanso, ndipo kamwana ka mphuno yosongokako kadzakula kopanda bambo. Felton adali wabodza, inde. Koma kodi chilango cha bodza ndi imfa?

Adabwerera, n'kukhala pansi pafupi ndi Janeth. Adatsegula kope lija.

"Pukutani misozi, mayi. Simunalakwe, simunaphunzitsidwe. Tiyeni pampopi apo, muyambe mwasamba m'manja."

Janeth adamuyang'ana modabwa, koma adapita. Adasamba.

"Pakati pa zala. Pansi pa zikhadabo. Bwerezani."

Adamuphunzitsa tsamba ndi tsamba, za zitsekero ziwiri zosatsegula, za pulasitiki posamba, za kapu yoyezera madzi, za kukanikiza pabala kapaipi kakasololoka. Adamuuza kuti ponyamula mwana, bambo wake azimuika mbali yopanda katheta, atayala thaulo. Langizo limeneli mudalibe m'kope, choncho adalilemba pomwepo. Sisita Zikhale adaima chapatali, manja atapinda pachifuwa, osakonza ngakhale liwu limodzi.

"Funso lomaliza," adatero Jenifa. "Mwawapeza akunjenjemera, thupi lili moto. N'chiyani?"

"Malungo?"

"Ayi, mayi. Werengani apa, pa zilembo zikuluzikulupa."

Janeth adawerenga mokweza, kawiri. Jenifa adamupatsa kope, adamupatsa jumbo ya tinsalu tosita ndi zovala za Felton. Pomaliza adatenga ambulera yake, adaiyang'ana kanthawi, n'kuiika pamiyendo pa Janeth.

"Iyi musamaisiye. Osati kumutu ayi. Pachifuwa."

"Nanga inu? Kunjaku kwada."

"Ine ndilibe chimene ndingaope kunyowetsa."

Panja mvula idali itayamba. Anthu ankathamangira m'makhonde, koma Jenifa adayenda pang'onopang'ono mpaka pasiteji, madzi akutsika m'tsitsi ndi m'masaya. Kadali koyamba m'miyezi itatu kuyenda pamvula osayang'ana kumwamba. Ubwino wa mvula ndi wakuti palibe amene adadziwa kuti akulira.

Loweruka lidafika. Ku Area 14 kudali zii monga mwa masiku onse. Jenifa adali pakhomo la kanyumba kake akuchapa zovala zoyera kale pamene kafoni kadalira. Mtima wopusawo udadumphabe.

"Naphiri wanga, katheta watsopano aika, ndili bwino. Ndinkaopa kufa ndekha. Ndikhululukire. Popanda iwe sindingakhale."

Adawerenga kamodzi kokha. Adaganiza za foni ina, penapake m'chipatala muja, imene mwina idaliranso mphindi yomweyo. Adapukuta thovu m'manja, n'kuyankha.

"Mwalakwitsa nambala, bambo. Kuno ndi kwa Nyaphiri."